Driver yanga ikufunika kudziwa makina amene ikuyendamo, ndifunse kuti?

Kadzidzi_x64
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndikulemba filter driver ya disiki pa Windows (pulogalamu ya mu kernel, mtima wa Windows, imene imakhala pakati pa Windows ndi disiki), ndipo imadzuka nthawi ya boot. Pali mtundu umodzi wa laputopu umene disiki yake imachedwa kuyankha kompyuta ikamachoka pa sleep, ndiye driver iyenera kudikira pang'ono pa makina amenewo okha. Choncho ndikufuna driver izidziwa yokha wopanga makinawo ndi dzina la mtundu wake. Ndikufunanso Windows imene ikuyenda, purosesa ndi kukula kwa RAM, koma zitatuzi ndi zongolemba mu log kuti kasitomala akadandaula tizidziwa poyambira.

Ku user mode, kumene kumayenda mapulogalamu wamba, ndinazolowera WMI, njira ya Windows yofunsira za kompyuta, umangofunsa Win32_ComputerSystem zonse n'kubwera. Muno mu kernel sindikuona khomo lake. Ndayesa kutsegula \Registry\Machine\SOFTWARE\Microsoft\Windows NT\CurrentVersion mkati mwa DriverEntry, function yoyamba kuitanidwa driver ikamadzuka, koma ZwOpenKey ikukana, ikuti dzinalo silinapezeke. Chonsecho ndikatsegula regedit key ija ilipo. Chikuchitika n'chiyani?

Nyerere_WDM
Key ilipo inu mukamayang'ana, koma nthawi imene driver yanu ikudzuka imakhala isanafike. Boot loader imabweretsa hive (chigawo cha registry) ya SYSTEM. Ya SOFTWARE imatsegulidwa mochedwa, Session Manager ikayamba ntchito. Za Windows musazifune ku registry, itanani RtlGetVersion.

Kadzidzi_x64
Zikomo achimwene. Kodi imeneyo sinama ngati GetVersionEx? Ndimakumbukira kuti ija imanena 6.2 ngakhale uli pa Windows 10.

Nyerere_WDM
Zija ndi za mapulogalamu a user mode opanda manifest, zinayamba ndi Windows 8.1. Driver ilibe nazo ntchito.

GogoWaC
A Nyerere akunena zoona, koma ndionjezepo chifukwa ambiri amakodwa pa nambala zimene RtlGetVersion imabweza.

Musanaiitane, lembani kukula kwa structure mu dwOSVersionInfoSize, ndipo gwiritsani ntchito RTL_OSVERSIONINFOEXW, osati RTL_OSVERSIONINFOW, yaifupi ija. Muiitane muli pa PASSIVE_LEVEL, mulingo wotsikitsitsa umene code imaloledwa kudikira, mu DriverEntry momwemo ndi bwino, n'kusunga yankho. Palibe chifukwa chofunsanso pa IRP (pempho lobwera kwa driver) iliyonse, Windows sisintha build kompyuta ili chiyakire.

Tsono nambalazo. Windows 11 imanena kuti ndi 10.0, chimodzimodzi Windows 10. Chowasiyanitsa ndi dwBuildNumber. Windows 10 inayamba ndi 10240 mu 2015, Windows 11 inayamba ndi 22000 mu 2021, 22H2 yake ndi 22621, 24H2 ndi 26100. Koma build payokha sikwanira. Windows Server 2019 ndi Windows 10 1809 onse ndi 17763. Apa ndi pamene structure yaitali imathandiza, chifukwa ili ndi wProductType, imene imakuuzani ngati ndi workstation, seva kapena domain controller.

Ndipo ngakhale SOFTWARE ikanatseguka, ProductName ya m'menemo pa Windows 11 imalembedwabe kuti Windows 10. Chokhacho chimene mukanapindula nacho kumeneko ndi UBR, kanambala kosonyeza update ya mwezi ndi mwezi, kamene RtlGetVersion sipereka.

Chiphaliwali
Ine funso langa ndi lina. N'chifukwa chiyani zonsezi zikuchitikira mu kernel? Lembani service yaing'ono ku user mode, ifunse WMI, itumize ku driver kudzera pa IOCTL, njira imene pulogalamu imatumizira lamulo kwa driver. Pulogalamu ya user mode ikagwa imagwa yokha. Driver ikagwa imagwetsa kompyuta yonse ndi ntchito ya munthu imene sanaisunge. Mzere uliwonse umene mwaika mu kernel popanda chifukwa ndi ngozi imene mwasenzetsa munthu wina.

Kadzidzi_x64
Za log ndikuvomereza, zikhoza kupita ku service. Koma dzina la laputopu ndikulifuna driver ikangodzuka. Sindikufuna kuti khalidwe la disiki lizidalira ngati service yayamba kapena wina waizimitsa.

Chiphaliwali
Ndiye service ilembe kamodzi mu Parameters ya driver yanu, pansi pa SYSTEM. Pa boot yotsatira driver iwerenga pamenepo.

Nkhwali_0xD1
Nanga munthu akachotsa disikiyo n'kukaiika m'makina ena? Kapena kampani ikapanga image imodzi n'kuithira pa malaputopu amitundu isanu? Driver idzawerenga dzina la makina amene sikukhalamo. Pa chinthu chimene driver ikupangira chisankho, ndi bwino ifunse makinawo pa boot iliyonse.

GogoWaC
Ndili mbali ya a Nkhwali pa mfundo imeneyi. Dzina la makina limachokera ku SMBIOS, matebulo amene firmware imakonza motsatira muyezo wa DMTF. WMI nayonso imatenga kumeneko, ilibe gwero lina lobisika. Njira yovomerezeka mu driver ndi iyi: lumikizani aux_klib.lib, itanani AuxKlibInitialize kamodzi, kenako AuxKlibGetSystemFirmwareTable ndi chizindikiro cha 'RSMB'. Mumaiitana kawiri. Koyamba popanda buffer kuti ikuuzeni kukula, kachiwiri mutapatula malo mu pool. Musaike tebulo limeneli pa stack, chifukwa stack ya kernel pa x64 ndi 24 KB yokha ndipo filter driver imagawana malowo ndi ma driver ena amene ali pamwamba ndi pansi pake.

Zimene mulandire zimayamba ndi mabayiti 8 a mutu: muli version ya SMBIOS ndi utali wa zotsatira. Pambuyo pake pamabwera ma structure ondondozana. Iliyonse imayamba ndi mabayiti 4: type, length ndi handle. Type 0 ndi BIOS, type 1 ndi makina enieniwo, type 2 ndi motherboard, type 4 ndi purosesa, type 17 ndi RAM iliyonse kapena malo ake, ndipo type 127 ndi mapeto. Inu mukufuna type 1.

Pamene anthu amasokonekera ndi apa. Length ija imangowerenga gawo lokhazikika, siwerenga mawu. Mawuwo amabwera pambuyo pake, lililonse lotsekedwa ndi ziro, ndipo mndandanda wonse umatha ndi ziro ziwiri zotsatizana. Pa malo a Manufacturer simupeza dzina, mupeza nambala yosonyeza kuti ndi mawu achingati pa mndandandawo, kuwerenga kuyambira pa 1. Nambalayo ikakhala 0 ndiye kuti firmware sinalembe kanthu. Kuti mufike pa structure yotsatira, mumadumpha length, kenako kuyenda bayiti ndi bayiti mpaka mutapeza ziro ziwirizo.

Bilimankhwe
Zonsezi zachulukitsa. Ine kale ndinkangopanga MmMapIoSpace pa 0xF0000, kusaka "_SM_" mpaka 0xFFFFF, basi tebulo lapezeka. Palibe laibulale yoonjezera.

Nyerere_WDM
Zimenezo ndi za nthawi ya BIOS yakale. Pa UEFI adiresi ya SMBIOS ili mu configuration table ya firmware, ndipo palibe lamulo loti ipezekenso pa 0xF0000. Komanso SMBIOS 3.0 inabweretsa entry point ya 64-bit yokhala ndi "_SM3_", tebulo likhoza kukhala pamwamba pa 4 GB. Kumeneko n'kuthyola zenera pamene khomo lili lotsekula.

Bilimankhwe
Pa makina amene ndinkayesa zinkayenda.

Nyerere_WDM
Sindikutsutsa. Koma a Kadzidzi akutumiza driver ku makina amene sadzawaona ndi maso.

Mlonda_wa_IRQL
Ndikufuna kutsindika chinthu chimodzi pa zimene a Gogo alemba, chifukwa chimandikhudza kwambiri. Tebulo la SMBIOS musalikhulupirire. Linalembedwa ndi anthu a firmware, ndipo zolakwika zimakhalamo. Mukhoza kupeza length yochepera 4, nambala ya mawu yoposa mawu amene alipo, kapena structure yomaliza yopanda ziro ziwiri. Loop yosaka ziro ziwirizo ikapanda kuyang'ana mapeto a buffer, idzapitirira mpaka itagunda page imene kulibe, ndipo mudzaona PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA, ija ya 0x50. Poti yanu ndi driver ya boot, kompyutayo idzagwa pa malo omwewo nthawi iliyonse ikayatsidwa. Mwini wake sadzafika ngakhale poti achotse driver yanu.

Tonse tinaona pa 19 Julaye 2024 zimene zinachitika ndi driver ya CrowdStrike. Inawerenga kupyola malire a zimene inapatsidwa, ikuyembekeza zinthu 21 pamene zinalipo 20, ndipo Microsoft inati makina pafupifupi 8.5 miliyoni anakhudzidwa. Kumeneko zowerengedwazo zinachokera ku fayilo, kuno zikuchokera ku firmware, koma kulakwa kwake ndi kwa mtundu umodzi.

Ndiye pa sitepe iliyonse yerekezani pointer ndi mapeto. Musanawerenge field, onani ngati length ya structure ikufika pamenepo, chifukwa ma field ena anaonjezedwa m'ma version apatsogolo. Chilichonse chikaoneka chachilendo, tulukani mu loop, driver ipitirize ngati makinawo si aja apadera. Kulephera kuwerenga dzina la laputopu sichifukwa cholepheretsera DriverEntry.

Kadzidzi_x64
Izi ndazilemba penapake. Kodi pali njira yoyesera parser popanda kugwetsa makina kambirimbiri?

Mlonda_wa_IRQL
Lembani parser ngati function ya C wamba, yolandira pointer ndi utali, yosaitana chilichonse cha kernel. Muiyese ku user mode. GetSystemFirmwareTable ndi 'RSMB' imapereka mabayiti a mtundu womwewo. Sungani mu fayilo, muzidula pakati, muzisintha ma length, muone ngati ipulumuka. Ikakhwima ndiye muilowetse mu driver, n'kuyatsa Driver Verifier, chida cha Windows choyesera ma driver, ndi special pool yake, imene imagwira msanga kuwerenga kopyola buffer. Mu WinDbg, debugger ya Windows, muli lamulo la !sysinfo smbios loti muyerekeze nalo zotsatira zanu.

Kamtsitsi
Pepani ndilowererepo, ine ndimalemba za Linux. Kwathu kuno kernel inatichitira kale ntchito imeneyi. Umangoitana dmi_get_system_info ndi DMI_SYS_VENDOR kapena DMI_PRODUCT_NAME, kapena kulemba tebulo la makina ovuta n'kulipereka kwa dmi_check_system. Ma driver a malaputopu ndi odzaza ndi matebulo oterowo. Ndimadabwa kuti ku Windows aliyense amalemba parser yakeyake.

Bilimankhwe
Koma inu module yanu muyenera kuimanganso kernel ikangosintha. Ife driver imodzi imayenda zaka.

Kamtsitsi
Zoona, vermagic, chizindikiro cha kernel imene module inamangidwira, ikasiyana module imakanidwa, n'chifukwa chake kuli DKMS yoimanganso kernel ikasintha. Ndipo ifenso tili ndi msampha wathu wa ma version. Anthu amalemba #if poyerekeza LINUX_VERSION_CODE ndi KERNEL_VERSION, kuiwala kuti ma distro amabweza zinthu zatsopano ku kernel yakale. RHEL 8 inakhala pa 4.18 moyo wake wonse, koma mkati mwake muli zambiri zochokera ku ma kernel apatsogolo. Ukadalira nambala yokha, code yako imakana kumangika. Komanso utsname imatengera namespace ya process imene ikuyenda nthawi imeneyo, moti dzina la makina limene ungapeze mkati mwa container si la host. Ukafuna la host umaitana init_utsname.

Chiphaliwali
Ndipo pa ma board ambiri a ARM kulibe DMI (dzina limene Linux imatchulira matebulo a SMBIOS aja) n'komwe, mumadalira device tree.

Kamtsitsi
Eya, pamenepo ndi of_machine_is_compatible.

GogoWaC
Mfundo ya a Kamtsitsi ikugwiranso ku Windows, ndiye tiyeni tibwerere nayo kwa mwini funso. Ngati cholinga chofunsira version n'chakuti mudziwe ngati function inayake ilipo, musafunse version. Funsani function yomweyo kudzera pa MmGetSystemRoutineAddress. Ikabweza NULL, gwiritsani njira yakale. Chitsanzo ndi ExAllocatePool2, imene inabwera ndi Windows 10 2004. Mukaiitana mwachindunji, driver sidzadzuka n'komwe pa Windows yakale kuposa pamenepo, chifukwa loader idzalephera kupeza import imeneyo, ndipo if yanu yoyang'ana build sidzapeza mpata woyenda.

Nkhwali_0xD1
Pa purosesa: __cpuid ya mu intrin.h imagwira bwino mu kernel. Leaf 0 imapereka dzina la wopanga, koma samalani dongosolo la ma register, ndi EBX, EDX, kenako ECX. Mukatero mupeza GenuineIntel kapena AuthenticAMD. Dzina lonse la purosesa lili pa 0x80000002 mpaka 0x80000004, mabayiti 48. Yambani mwafunsa 0x80000000 kuti muone ngati ma leaf amenewo alipo.

Kuchuluka kwa ma purosesa musatengere KeNumberProcessors. Kuyambira Windows 7 ma logical processor amaikidwa m'magulu osapitirira 64, ndiye itanani KeQueryActiveProcessorCountEx mutaipatsa ALL_PROCESSOR_GROUPS. Ngati mukupatula malo a purosesa iliyonse, tengani KeQueryMaximumProcessorCountEx, poti ma seva ena amalola kuonjezera purosesa makina ali chiyakire.

Tsinde_la_PCI
Muonjezepo kuti CPUID imayankha za core imene thread yanu ili nthawi imeneyo. M'ma purosesa ngati Alder Lake ya 2021, Intel imasakaniza ma core amitundu iwiri mu purosesa imodzi, ndipo leaf 0x1A imayankha mosiyana malinga ndi pamene mwaima. Komanso musaiike pa njira ya I/O. Mkati mwa virtual machine (VM), CPUID iliyonse imachititsa kuti purosesa ituluke kupita kwa hypervisor n'kubwerera, ndipo zimenezo zimadya nthawi.

Bilimankhwe
Ubwino wake umadziwiranso pomwepo ngati uli mu VM. Leaf 1, bit 31 ya ECX.

Tsinde_la_PCI
Masiku ano bit imeneyo siikuuzani zimenezo. Laputopu yeniyeni imene yayatsa virtualization-based security kapena Hyper-V imaonetsa bit 31, ndipo leaf 0x40000000 imati "Microsoft Hv", chifukwa Windows yomweyo ikuyenda pamwamba pa hypervisor. Mukalemba mu log kuti makinawo ndi VM mudzasocheretsa amene akufufuza vuto.

Chiphaliwali
Mukuona? Mayankho onsewa ndi a zinthu zongolemba mu log. Service ikanazitenga popanda ngozi ina iliyonse. Ndipo driver imeneyi tsiku lina adzafuna kuimangira ARM64, kumene CPUID kulibe.

Nkhwali_0xD1
Pa RAM ndikugwirizana nanu kotheratu. MmGetPhysicalMemoryRanges imabweza mndandanda wa zigawo zimene Windows ikugwiritsa ntchito, umene muyenera kuumasula nokha ndi ExFreePool, ndipo mukaphatikiza simupeza 16 GB yeniyeni chifukwa firmware ndi graphics zimatengako gawo. Kukula kwa RAM imene inaikidwa kuli mu type 17, kumene field ya size ili ndi malamulo akeake. Zonsezo kuchitira mzere umodzi wa log, ayi ndithu.

Mphepo_Yamkuntho
Ine ndimaona anthu ambiri akugwiritsa ZwQuerySystemInformation, imapereka pafupifupi chilichonse.

Nyerere_WDM
Imapereka, koma zolemba za Microsoft zimachenjeza kuti ikhoza kusinthidwa kapena kusowa m'ma version akutsogolo, ndipo ma structure ake ambiri anthu amachita kukopera kwa anzawo. Pa zonse zimene a Kadzidzi atchula pali njira yolembedwa.

Mphepo_Yamkuntho
Nanga serial number? Ife tikufuna kumangirira license ku makina, ndimaganiza zotenga UUID ya mu type 1.

Mlonda_wa_IRQL
Mudzavutitsa makasitomala osalakwa. Ma motherboard ambiri ogulitsidwa paokha amabwera ndi "To Be Filled By O.E.M." kapena "Default string" pa malo a serial, ndipo ena amakhala ndi UUID yofanana pa makina ambirimbiri. Munthu akakonzetsa laputopu n'kusinthidwa motherboard, UUID imasinthanso. Kuonjezera apo, kuyambira SMBIOS 2.6 zigawo zitatu zoyamba za UUID zimawerengedwa mwa little-endian, ndiye zida ziwiri zikhoza kukuonetsani nambala zooneka zosiyana pa makina amodzi. Ndipo serial ndi chinthu cholozera munthu. Isamangolowa mu log imene kasitomala adzatumize kwa anthu osawadziwa iye asakudziwa kuti ilimo.

Mphepo_Yamkuntho
Ndamva. Ndiyambitsa funso lake padera kuti ndisasokoneze lino.

Tsinde_la_PCI
A Kadzidzi, ndibwerere pa chiyambi penipeni. Mwatsimikiza kuti vuto ndi la laputopuyo, osati disiki kapena controller yake? Opanga malaputopu amasintha ma SSD pakati pa mtundu umodzi womwewo, malinga ndi zimene apeza. Ngati wolakwa ndi disiki, dzina la laputopu lidzakunamizani mbali zonse ziwiri: mudzachedwetsa makina abwinobwino, n'kusiya ena odwala a dzina lina.

Driver yanu ili kale pa stack ya chipangizocho, ndiye ikhoza kuchifunsa. IOCTL_STORAGE_QUERY_PROPERTY ndi StorageDeviceProperty imabweza STORAGE_DEVICE_DESCRIPTOR, mmene muli product ndi revision ya firmware ya disikiyo. Nawonso ndi ma offset olowa mu buffer, ndiye chenjezo la a Mlonda likugwiranso. Pa hardware ID pali IoGetDeviceProperty, kapena WdfDeviceQueryProperty ngati munailemba ndi KMDF, framework ya Microsoft yolembera ma driver. Ya chipangizo cha PCI imaoneka ngati PCI\VEN_8086&DEV_ kenako nambala, 8086 kukhala Intel, 1022 AMD. Chimene ndikupempha n'chakuti musakhudze ma port a 0xCF8 ndi 0xCFC nokha. Bus driver ya PCI imawagwiritsa ntchito ili ndi loko yake imene inu mulibe. Driver imene ili pa stack ya PCI imapempha BUS_INTERFACE_STANDARD n'kuwerenga ndi GetBusData.

Kadzidzi_x64
Funso limeneli ndi lolemera. Malipoti amene tili nawo onse ndi a mtundu umodzi wa laputopu, koma sanalembe mtundu wa SSD. Ndipempha kuti atitumizire.

GogoWaC
Mukapeza kuti ndi laputopu ndithu, palinso njira ina yopanda parser. Windows imakopera zina za SMBIOS ku \Registry\Machine\HARDWARE\DESCRIPTION\System\BIOS, mmene muli SystemManufacturer, SystemProductName, SystemSKU ndi BIOSVersion. Hive ya HARDWARE sisungidwa pa disiki, imamangidwa mwatsopano pa boot iliyonse, choncho nkhawa ya a Nkhwali yosamutsa disiki siikhudza. Powerenga onetsetsani kuti type ndi REG_SZ ndipo musaganize kuti mawuwo atha ndi ziro, dalirani DataLength.

Muganizirenso BIOSVersion. Wopanga akadzakonza vutolo mu firmware yatsopano, simudzafuna kuti driver izidikirabe pachabe.

Chiphaliwali
Ndipo ngati driver imafalitsidwa kudzera pa Windows Update, pali CHID, nambala zimene Windows imapanga kuchokera ku ma field omwewo a SMBIOS. Mukhoza kulozetsa extension INF ku mtundu wa makina umenewo wokha, iyo n'kulemba flag mu registry. Driver imangowerenga DWORD imodzi.

Nkhwali_0xD1
Imeneyo ibwereranso pa nkhani ya image yothiridwa pa makina ena, koma kwa amene amagulitsa kudzera kwa opanga makompyuta ndi njira yaukhondo.

Kadzidzi_x64
Ife timaika ndi installer yathu, ndiye CHID sitithandiza pakali pano. Zimene ndachita lero ndi izi. RtlGetVersion ili mu DriverEntry ndipo ikubweza 10.0 build 22621 pa makina oyesera, zogwirizana ndi vertarget mu WinDbg. Purosesa ndi RAM ndazichotsa mu driver, zapita ku service, a Chiphaliwali mwapambana pamenepo. Parser ya type 0 ndi type 1 ndailemba padera ndipo ndikuidyetsa matebulo oduladula ku user mode. Ndaonjezanso kuti driver izilemba product ndi revision ya disiki, popanda serial, kuti malipoti akubwerawa atiuze ngati wolakwa ndi laputopu kapena SSD.

Katsala kamodzi. Query ya disikiyo ndiitumize nthawi iti? Mu AddDevice ikulephera.

Tsinde_la_PCI
Mu AddDevice chipangizo chimakhala chisanayambe. Dikirani IRP_MN_START_DEVICE, muitsitse kaye kwa ma driver apansi, ikabwerera bwino ndiye mutumize query muli pa PASSIVE_LEVEL, osati mkati mwa completion routine, chifukwa imeneyo ikhoza kuyenda pa DISPATCH_LEVEL, pamene code siloledwa kudikira. Ngati ndi KMDF, EvtDevicePrepareHardware kapena EvtDeviceSelfManagedIoInit ndi malo abwino. Sungani yankho mu device context, chifukwa nthawi yodzuka pa sleep disikiyo ndi imene ikuchedwa, simungaifunse dzina pa nthawi imeneyo.

Kadzidzi_x64
Ndi KMDF. Ndiika mu EvtDeviceSelfManagedIoInit, ndiyatse Verifier, ndipo malipoti a SSD akafika ndidzalemba pano.